Buku Lobiriwira pa Shelefu Yosayenera

MUTU 6

1. Chenjezo la Mayi Katalogi

Lachiwiri lina m'mawa, ophunzira onse a chaka chomaliza anaitanidwa ku laibulale ya yunivesite. Anali atangoyamba kafukufuku, ntchito yaikulu imene aliyense amayenera kulemba asanalandire digiri, ndipo mkulu woyang'anira laibulale anafuna kuwaonetsa njira zopezera zowerenga.

Mayiwo anali atagwira ntchito m'nyumbamo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ophunzira ankawatchula Mayi Katalogi, chifukwa munthu akangotchula buku, iwo ankanena nambala yake ndi shelefu yake osayang'ana pa kompyuta.

Kumbuyo kwenikweni kunakhala atsikana awiri ogona chipinda chimodzi. Woyamba anzake ankamutcha Kamphepo, popeza sankakhazikika malo amodzi. Anali wanzeru, ndipo ankadziwa kuti ndi wanzeru. Matenda amenewa ndi ovuta kuchiza. Wachiwiri ankamutcha Chete, ndipo dzinalo linkamuyenera.

Mayi Katalogi anavula magalasi, nayamba kulankhula.

"Ana anga, buku lililonse m'nyumba muno lili ndi nambala pamsana pake. Nambala imeneyo ndiyo keyala yake. Mukalichotsa pamalo pake n'kukaliika pena, musamati mwalisuntha. Mwalipha. Lilipo ndithu, koma palibe angalipeze, ngakhale ineyo. Ndikudziwa zimene mumachita nyengo ya kafukufuku ikafika. Mumatenga buku limene anzanu akulifuna, n'kukalilowetsa pakati pa mabuku a maphunziro ena kuti muziliwerenga nokha. Inu mumati n'kuchenjera. Ine ndimati n'kuba, kungoti wakubayo alibe mtima wotuluka ndi katunduyo pakhomo.

"Mumvetsenso ichi. Buku limene tili nalo limodzi lokha timalisunga kuseri kwa desiki yanga. Mumabwereka ndi khadi lanu kwa maola awiri, mumawerengera muno, mukatha mumaponya m'bokosi lobwezera. Buku likapanda kubwera, kompyuta sidziwa nkhope ya munthu. Imadziwa khadi basi. Mwini khadi ndiye adzayankhe mlandu.

"Tsopano kapumeni mphindi khumi. Mukabwerako ndikuonetsani zimene zili m'makompyutamu, ndiponso ndili ndi chilengezo chokhudza nsanjika yachitatu."

Kamphepo anayasamula mosabisa.

"Chaka chachinayi chathunthu, munthu azitiphunzitsa kusanja mabuku ngati ana a mkaka? Tiye tizipita, iwe."

"Koma akuti gawo lachiwiri ndilo lofunika," anatero Chete.

"Lofunika kwa a Pulofesa. Taona mmene akulembera, ngati akuwauza tsiku la kutha kwa dziko."

Pulofesa anali mnyamata wa m'kalasi mwawo amene Kamphepo ankalimbirana naye malo oyamba chiyambire chaka choyamba. Iyeyo anatsala. Kamphepo anakoka Chete pamkono, ndipo awiriwo anatuluka.

2. Maola awiri

Kuseri kwa desiki kunali buku lina lachikuto chobiriwira. Linali kafukufuku wa katswiri wina wakale, wonena za madzi a m'zitsime zokumbidwa pafupi ndi malo otayako zinyalala. Silinasindikizidwe n'kugulitsidwa m'masitolo ayi. Linalipo limodzi lokhalo.

Kamphepo ndi Pulofesa onse ankafufuza za madzi a m'zitsime. Aphunzitsi anali atanena poyera kuti amene alembe bwino koposa adzamutenga kukhala wothandizira kuphunzitsa, kenaka adzamutumiza kukapitiriza maphunziro. Malowo anali amodzi.

Bambo a Kamphepo ankaimba foni Lamlungu lililonse, ndipo mawu awo sankasintha.

"Mwana wanga, ine anthu ndawauza kale kuno kuti malowo ndi ako. Kuntchito akudziwa, oyandikana nafe akudziwa. Usandichititse manyazi ndi nambala yachiwiri."

Patapita milungu iwiri chichitikire maphunziro a ku laibulale aja, Lachitatu m'mawa, Chete anabwereka buku lobiriwiralo ndi khadi lake. Iye ankangofunamo mutu umodzi wonena za zinyalala. Atawerenga ola limodzi ndi theka, foni yake inanjenjemera. Aphunzitsi oyang'anira kafukufuku wake ankamufuna nthawi yomweyo. Anatembenukira kwa Kamphepo, amene anakhala pambali pake.

"Chemwali, undiponyereko bukuli m'bokosi. Aphunzitsi aja ukachedwa mphindi zisanu amakhoma chitseko."

"Thamanga. Ndiponya."

Kamphepo ananyamula bukulo, nalunjika ku desiki. Pambali pa bokosi lobwezera panali pepala la anthu odikira buku limeneli. Anawerenga. Dzina lotsatira linali la Pulofesa. La Kamphepo linali lachisanu ndi chimodzi, kutanthauza kuti akanadikira mwina mpaka mlungu wamawa.

Mayi Katalogi anali atatembenuka, akuthandiza wophunzira wina. Kamphepo anaima pamenepo kanthawi kochepa. Kenaka anaphimba bukulo ndi juzi yake, nakwera masitepe.

Pa nsanjika yachitatu, kumapeto kwenikweni, panali mashelefu a malipoti akale, a zaka zimene ngakhale aphunzitsi ena anali asanabadwe. Fumbi lake linali loti munthu n'kulembapo dzina ndi chala. Kumeneko sikunkafika munthu. Kamphepo anakankha malipoti awiri a zokolola, nalowetsa buku lobiriwira pakati, msana wake woloza kukhoma kuti nambala isaoneke.

"Mpaka Lolemba basi," ananong'ona. "Lolemba ndidzaliponya."

3. "Ndinaponya"

Tsiku lomwelo masana, ali m'chipinda chawo, Chete analandira uthenga wochokera ku laibulale. Anauwerenga kawiri.

"Akuti buku lija silinabwere. Unaponya, eti?"

"Ndinaponya," anayankha Kamphepo, maso ali pa kope lake.

"M'bokosi la pa desiki lija?"

"Kodi mabokosi alipo angati? Iwe, makompyuta awowa amalakwitsa tsiku ndi tsiku. Mawa alipeza pansi pa mabuku ena, adzakupepesa."

Chete anamwetulira mwamanyazi, ngati kuti wolakwa ndi iyeyo chifukwa chofunsa.

"Pepa. Sindimakukayikira."

M'mawa mwake Chete anapita ku desiki. Anawauza Mayi Katalogi kuti bukulo linaponyedwa m'bokosi. Sanatchule kuti anatuma mnzake, chifukwa lamulo silinkalola kupatsirana buku lobwereka kwa maola awiri, ndipo sanafune kumuika Kamphepo m'mavuto. Mayiwo anati afufuza.

Pamene antchito a laibulale ankakhuthula bokosi ndi kusuzumira pansi pa matebulo, Kamphepo anali pamwamba pa mitu yawo, atakhala pansi kuseri kwa malipoti akale, akuwerenga mwamtendere. Anatero Lachinayi, anateronso Lachisanu. Manambala a masamba ofunika ankawalemba pa kapepala kachikasu kamene anathothola m'kope la Chete. Kope limenelo ankalidziwa aliyense m'kalasi, chifukwa panalibe wina amene ankalembera pa mapepala achikasu.

Lachisanu, nthawi yotseka itayandikira, anamva mapazi akukwera masitepe. Anatseka bukulo msangamsanga, kapepala kali momwemo, nalibwezera m'malo ake obisika.

Potsika anadutsa pa bolodi la zidziwitso. Panali pepala lalikulu lolembedwa ndi zilembo zofiira. Kamphepo anali asanawerengepo bolodi limenelo chilowere pa yunivesite, ndipo sanayambe tsiku limenelo.

4. Lolemba m'mawa

Lolemba analawirira. Anali atakonza zonse: atenga bukulo, alibisa m'juzi, aliponya m'bokosi anthu asanachuluke. Chete apepesedwa, nkhani itha.

Atafika pa nsanjika yachitatu, anaima chilili.

Mashelefu a kumapeto kunalibe. Pansi panangotsala mizere yoyera yosonyeza pamene anaima. Amisiri awiri ankakoka mawaya m'mbali mwa khoma. Pakona panaunjikidwa makatoni, omatidwa ndi tepi, kufika pafupi ndi denga.

Bambo wina wachikulire, amene ntchito yake inali yobwezera mabuku m'mashelefu, ankakankha kangolo kake chapafupi. Kamphepo anamuthamangira.

"Bambo, malipoti anali apa aja apita kuti?"

"Mwadzuka bwanji, mayi?" anatero bamboyo modekha.

"Pepani. Mwadzuka bwanji? Malipoti aja..."

"Tadzuka. Malipoti ali m'makatonimo. Tinapakira Loweruka ndi dzulo, msana wanga ukudziwa. Muno muikidwa makompyuta makumi atatu. Kodi simunamve? Amayi analengeza pa maphunziro anu aja, ndipo pa bolodi papachikidwa pepala milungu iwiri tsopano."

"Nanga makatoniwa akupita kuti?"

"Lachitatu kubwera lole. Akukawagaya kuti apangenso mapepala ena. Zofunika zonse anazijambula kale, zili m'kompyuta." Bamboyo anamuyang'anitsitsa. "Zaka khumi ndi zisanu ndili pano, sindinaonepo wophunzira akulira malipoti amenewa. Mwataya kanthu?"

Makatoniwo analipo oposa makumi asanu ndi atatu. Kamphepo anawayang'ana. Akanangonena mawu ochepa, bamboyo akanatenga mpeni n'kuyamba kudula tepi.

"Ayi, bambo. Ndimangofunsa."

"Chabwino, mayi wongofunsa," anatero bamboyo, nakankha kangolo kake.

5. Zimene zinali m'kompyuta

Masana a tsiku lomwelo Chete analandira kalata. Khadi lake linatsekedwa. Sakanalowanso m'laibulale, sakanabwereka buku, ndipo pasiwedi yake yowerengera pa makompyuta a yunivesite inaimitsidwa. Lachinayi anayenera kukaonekera ku komiti yosungitsa mwambo. Kalatayo inakumbutsanso kuti wophunzira amene laibulale sinamusainire chikalata chomumasula salandira digiri.

Kafukufuku anayenera kuperekedwa pakatha milungu itatu.

Chete sanalire mokweza. Anapinda kalatayo bwinobwino, naimbira amayi ake, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina m'tauni yakutali. Kamphepo anamva mawu a mayiwo akutuluka m'foni.

"Iwe sunabepo ngakhale singano yanga. Nditseka makina, ndibwera Lachitatu. Akandiuze pamaso panga kuti mwana wanga ndi wakuba."

Kamphepo anatuluka m'chipindamo ngati wapsa.

Lachiwiri anapita ku laibulale osadziwa chimene akukachita. M'chipinda cha makompyuta anapeza Pulofesa atavala zomvera m'makutu. Poti adutse, maso ake anagwa pa sikirini. Anazindikira tebulo la manambala limene iye analikopera atakhala m'fumbi. Linali tsamba la buku lobiriwira.

Anamugwedeza paphewa.

"Ichi wachitenga kuti?"

Pulofesa anavula zomvera m'makutu, naseka.

"Aa, a Kamphepo! Lero mwatilankhula? Kugwa mvula."

"Ndakufunsa."

"M'nkhokwe ya yunivesite, pa intaneti. Kafukufuku yense wakale anamujambula chaka chatha. Umalowa ndi nambala ya khadi lako, umalemba mawu awiri atatu, basi chatuluka. Anthu zana atha kuwerenga nthawi imodzi, ngakhale pa foni uli chigonere. Amayi aja anationetsa titabwerako kopuma. Paja inu munali ndi zofunika kwina."

"Koma dzina lako lili pa pepala la odikira."

"Ndinalemba kale, maphunziro aja asanachitike. Ndinaiwala kufufuta. Ine buku lenilenilo sindinaligwirepo n'kamodzi komwe." Anatsitsa mawu. "Koma za mnzakoyo zandimvetsa chisoni. Mtsikana uja sangabe buku. Wina wamuchita chipongwe."

Kamphepo anatembenuka kuti azipita, koma pakhomo anakumana ndi Mayi Katalogi.

"Tabwera kuno, mwana wanga. Ndiwe amene umagona chipinda chimodzi ndi mtsikana wa mlandu uja?"

"Inde, mayi."

Anamulowetsa mu ofesi yawo yaing'ono, namuonetsa mpando.

"Ndikuuze zimene ndaona m'zaka zanga. Buku limene lasowali analilemba munthu amene anayenda zitsime mazana atatu wapansi. Anamwalira. M'kompyuta muli chithunzi chake chabe, ndipo mapu opindika a kumapeto kwake sanajambulike, chifukwa ndi aakulu. Amenewo akapita, apita. Koma chimene chikundiwawa si mapu. Mnzakoyo ndamufunsa katatu ngati anapatsa munthu wina bukulo. Katatu konse wayang'ana pansi n'kunena kuti ayi. Ine ndalera ana, ndimadziwa mwana amene akunama kuti adzipulumutse, ndimadziwanso amene akunama kuti apulumutse wina. Komiti sidzaona zimenezo. Idzaona khadi.

"Wophunzira akabwera yekha n'kunena kuti ndinalakwa, ndimakhala naye pansi, nkhani imathera m'chipinda chino ndi chilango chopepuka. Koma ndikamupeza ndekha, ndilibenso mphamvu. Zimapita kumwamba kwa akuluakulu, ndipo kumeneko sadziwa kuti unali woyamba m'kalasi. Ndiye ndikufunsa kamodzi kokha. Pali chimene ukudziwa?"

Kamphepo anaganiza za lole ya mawa. Makatoni akangokwera, palibe amene akanadziwa mpaka kalekale. Anaganizanso za foni ya Lamlungu.

"Palibe, mayi."

Mayi Katalogi anavala magalasi awo pang'onopang'ono.

"Chabwino. Pita."

6. Kapepala kachikasu

Lachitatu m'mawa lole inaima kuseri kwa laibulale. Nthawi yomweyo amayi a Chete anafika, atavala diresi yawo yabwino koposa, tepi yoyezera ikusuzumira m'chikwama chifukwa ananyamuka mothamanga. Atangoona Kamphepo anamugwira manja onse awiri.

"Ndiwe mnzake uja? Amakutchula tsiku lililonse. Zikomo pomusamala mwana wanga. Tiye limodzi, ukandithandize kulankhula, ine Chingerezi chawocho chimandithawa."

Kamphepo anasowa pothawira. Iye, Chete ndi mayiwo analunjika ku laibulale. Mlonda wa pakhomo anayamba wamukaniza Chete chifukwa khadi lake linali lotsekedwa, ndipo mtsikanayo anaima panja ngati mlendo, ophunzira anzake akumulambalala, mpaka Mayi Katalogi anatuluka kudzamulowetsa okha.

Mu ofesi, amayi a Chete anakana mpando.

"Mayi, ine sukulu sindinapite nayo patali. Koma mwana uyu ndamulera ndi makina osokera, ndipo nsalu za anthu zimagona m'nyumba mwathu chaka chonse. Sipanasowepo ngakhale kachidutswa. Mundiuze chimene ndingachite. Ngati n'kusesa nyumba ino mpaka amalize sukulu, ndisesa."

Mayi Katalogi asanayankhe, kunamveka kugogoda. Anali bambo wobwezera mabuku uja, malaya ake ali mbuu ndi fumbi, mpeni wodulira tepi uli m'thumba.

"Pepani, amayi, ndakudulani. Anyamata a lole akunditukwana kunjaku, akuti ndikuwachedwetsa. Koma ine chilowere ntchito sindilola buku kutuluka muno ndisanalione kumaso. Ndiye dzulo ndi lero ndakhala ndikutsegulanso makatoni aja limodzilimodzi. Pajatu Lolemba kunabwera wina kudzandifunsa za malipoti, mtima wanga sunakhazikike." Sanayang'ane Kamphepo. "M'katoni ya makumi asanu ndi limodzi mphambu ziwiri ndapezamo ichi."

Anaika buku lobiriwira pa tebulo.

Amayi a Chete anaomba m'manja. "Lapezeka! Mwaona? Mwaona, mayi?"

Koma Mayi Katalogi sanasangalale. "Lapezeka pamene munthu analibisa," anatero. "Buku silikwera masitepe lokha."

Anatsegula kumapeto, naona kuti mapu alimo. Kenaka anaona kanthu kakusuzumira pakati pa masamba. Anakasolola ndi zala ziwiri. Kanali kapepala kachikasu, kodzaza manambala a masamba, ndipo pamwamba pake panalembedwa tsiku: Lachisanu, masiku awiri bukulo litasowa kale.

Anakaika patsogolo pa Chete.

"Pepala ili ndi lako?"

Chete anayang'ana. "Ndi la m'kope langa, mayi."

Amayi ake anagwira m'mphepete mwa tebulo, ndipo tsopano anakhala pa mpando umene anaukana uja.

"Nanga zolembazi?" anafunsa Mayi Katalogi. "Dzanja ili ndi lako? Uganize bwino usanayankhe. Chimene unene pano ndicho ndikapereke ku komiti mawa."

Chete anatola kapepalako. Zilembo zake zinali zopendekera kutsogolo, zothamanga, ngati za munthu amene safuna kukhala malo amodzi. Zaka zinayi anakhala akuwerenga dzanja limenelo, m'manotsi obwereka ndi pa timapepala tomata pachitseko.

Anakweza mutu. Sanayang'ane Mayi Katalogi, sanayang'anenso amayi ake. Anayang'ana Kamphepo, amene anaima pafupi ndi chitseko, dzanja lili pa chotsegulira.

"Bambo," anatero Mayi Katalogi, "tatsekani chitsekocho. Muno satuluka munthu mpaka mwanayu atayankha."